Penti ya Pinki pa Benchi ya Eni Ake

Luningning Dimaculangan, yemwe aliyense pa yunivesite ina ya ku Manila ankangomuti Ning, ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kukonda chilungamo ndi kukonda kudya. Ophunzira atamusankha kukhala wapampando wa bwalo loweruza milandu ya magulu a ubale, anadandaula ndi lamulo limodzi lokha: woweruza asalawe chakudya cha mbali iliyonse mpaka mlandu utatha. Kumalo komwe sungadutse munthu akudya osakuitanira, lamulo limeneli ndi nkhanza zenizeni.

Gulu lililonse lili ndi benchi yake yochezerapo pansi pa mitengo. M'mawa wina kagulu ka anyamata a ku Mindanao, chilumba cha kummwera kwa dzikolo, kanapeza benchi yawo itapakidwa penti ya pinki. Pinki ndi mtundu wa Alongo a Ilang-Ilang, gulu la atsikana la Ning yemweyo, limene linamulandira atangofika kuchokera kumudzi asakudziwa aliyense.

Anyamatawo atasumira alongowo, Ning anafuna kuchoka pampando pa mlanduwu, koma Jamil Macarambon, mtsogoleri wa anyamatawo, anakana.

"Khalani pomwepo, achemwali. Tikufuna tione ngati zimene amakutamani zija n'zoona."

Apa Ning anachita mantha. Alongo akakwiya sakuthamangitsa ayi, amangosiya kukutcha sisi, ndipo ukafika pa benchi nkhani imathera pomwepo.

Perla Sumulong, mkulu wa alongowo, anayamba kumutsata ndi bakuli la pansiti, yonga supageti, ya nsomba zing'onozing'ono pamwamba, fungo lake losautsa.

"Asisi, mwaonda. Iyi aphika ndi mayi anga, si ya mlandu ayi."

"Mayi anu adzaphikenso mlandu ukatha," anatero Ning akumeza malovu.

"Benchi ija inali yathu kalekale. Chibale ndi fupa, asisi, sichiola."

"Mlandunso suola, achemwali."

Tsiku la chigamulo Ning analankhula maso ali pakhoma. Benchi ndi ya anyamata a ku Mindanao, chifukwa bungwe la ophunzira linawapatsa alongowo atasamukira pamthunzi wabwino. Mamembala onse a Ilang-Ilang akapale pentiyo ndi manja awo Loweruka. Alongo anatuluka osamuyang'ana, ndipo Ning zinamupweteka kuposa njala ija.

Loweruka alongo atafika anapeza Ning atagwada kale pa benchipo, akupala ndi chivindikiro cha chitini, tsitsi lili pinki yokhayokha.

"Kodi oweruza akufunanso chiyani kuno?" anafunsa Perla.

"Chigamulo chati mamembala onse," anayankha Ning osadzutsa mutu. "Kapena mwandichotsa kale?"

Alongo anagwada pambali pake. Anapala limodzi mpaka thabwa linaoneka, Jamil ndi anzake akuonerera ngati mabwana. Kenaka Perla anatsegula chikwama n'kukankhira bakuli lija pafupi ndi mawondo a Ning.

"Mlandu watha. Idyani, asisi, kuonda kwanuko kukuchititsa gulu manyazi."