Mkulu Wofufuza Mayina a Ana

Kwathu ku Crato, mwana sapatsidwa dzina la m'ndakatulo zakale za Chilatini mphunzitsi wopuma wa kuseminale asanavomere. Mkuluyu amadziwa ngwazi iliyonse ndi mmene idafera. Amati, "Usatole dzina usanaone mapeto a mwini wake."

Valdemiro, wometa tsitsi, adabwera ndi dzina limene adasankha kutatsala tsiku limodzi kuti mwana wake abatizidwe.

"Ndi la mfumu, aphunzitsi."

"Wawerenga masamba angati a nkhani yake?"

"Awiri."

"Kodi mutu umameta theka? Kutsogoloko mfumu yakoyo ikupha mlendo wake."

Valdemiro adakhala pansi. Awiriwo adawerengera limodzi mpaka adapeza woyendetsa ngalawa amene sadasiye chiwongolero.

"Ameneyunso adafa," mkuluyo adatero, "koma adafera pantchito. Tenga limeneli."