Sopo wa Bambo Anga

Pamaliro a bambo anga, bambo aang'ono anaimirira pakati pa anthu, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti mkulu wawo watengedwa ndi khansa, nthenda imene ngakhale azungu inawakanika. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinali pamphasa pakati pa amayi. Khansa inalipodi, sindikukana, koma si imene inawapha.

Bambo anali mlimi wa mbatata ya kachewere kumtunda kwathu kuno, munthu waukhondo mpaka kutopetsa nawo. Akaweruka kudimba ankatsuka ngakhale khasu. Mayi atamwalira ankachapa okha malaya awo, chifukwa ankati ine ndimasiya litsiro m'kolala. Matenda anayamba ndi kuvutika pokodza. Ankapita kuseri kwa nyumba n'kukakhalitsako, osauza munthu, mpaka tsiku limene mkodzo unatsekeratu tinawanyamula kupita nawo kuchipatala ku Boma.

Atawayeza anapeza khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo. Anawaika kapaipi kotulutsira mkodzo, kolumikiza kuthumba lomangirira kumwendo. Adokotala anatiitana tonse atatu: ine, achimwene anga ndi bambo aang'ono.

"Khansa imeneyi mwa akuluakulu kawirikawiri imayenda pang'onopang'ono," iwo anatero. "Ambiri amakalamba nayo, n'kudzamwalira ndi zina. Chimene ndikuopa ine ndi kapaipi aka. Pamene kalowera pazitsukidwa ndi sopo tsiku lililonse, ndipo mwezi ukatha abwere tidzasinthe. Mukalekerera, tizilombo tidzakwera mpaka m'magazi."

Poyamba bambo ankadzitsuka okha. Kenaka msana unawagoneka, manja n'kuyamba kunjenjemera. Ndinagula sopo wonunkhira ndi beseni latsopano, koma bambo aang'ono anandiimitsa pakhomo.

"Izi ndi za amuna," anatero. "Mwana wamkazi saona thupi la bambo ake, amenewo ndi malaulo. Iwe uziphika, uzichapa zofunda. Zinazo utisiyire ife."

Ndinavomera, pakuti mwambowo ndinakulira momwemo. M'mawa uliwonse ndinkatenthetsa madzi n'kuwasiya pakhomo pamodzi ndi sopo. Bambo aang'ono ankalowa nazo, kutseka chitseko, ndipo ndisanatsuke n'komwe mbale anali atatuluka. Madzi ankabwerera oyera monga analowera. Sopo ankabwerera wouma, zilembo zake zikuwerengeka. Achimwene nawo ankalowa mphuno itabisidwa m'malaya, kukhuthula thumba pazenera, n'kuthawa ngati m'nyumbamo muli njuchi. Munthu yemweyo amene amatumbula nkhumba ndi manja ake akuimba mluzu.

Mwezi unatha. Ndinakumbutsa bambo aang'ono ndi achimwene za kuchipatala, iwo anati mbatata yakhwima, ogula afika ndi malole, tipita sabata yamawa. Sabata yamawayo inabereka inzake. Pambuyo pake achimwene anandiuza zoona: sakanatha kukwera minibasi ndi bambo akununkha chotero, anthu akanawayang'ana bwanji. Anandiuza zimenezi akutafuna chimanga chootcha, ndipo ndinalakalaka nditawawaza madzi a m'beseni muja.

Fungo linafika mpaka pakhonde. Ntchentche zinkadziwa njira ya kuchipinda kuposa abale. Tsiku lina amuna onse ali kudimba ndinalowa ndi beseni, ndinagwada pambali pa bedi.

"Bambo, ndiloleni ndikutsukeni. Ndiyang'ana kumbali."

Anagwiritsitsa bulangeti ndi timanja tonjenjemera tija, n'kutembenukira kukhoma.

"Mayi, usandichotse ulemu," anatero. "Mng'ono wanga alipo. Akubwera."

Ankadziwa kuti akununkha. Munthu wotsuka khasu uja ankadziwa, ndipo misozi inali kutsikira m'khutu mwawo. Bambo aang'ono anandipeza ndikadali chogwada, ndipo anandikokera panja.

"Unakulira kuti iwe? Ukufuna utibweretsere tsoka pamudzi pano?"

"Tsoka lilipo kale, lagona m'chipindamo," ndinawayankha. "Ngati ndi za amuna, amunawo ali kuti? Lowani muwatsuke, ine ndiima pano."

Anati ndilibe mwambo, ndipo nkhani inafika kwa azakhali ndi kwa amayi a kumpingo. Onse anandilangiza ine. Palibe mmodzi amene anafunsa chifukwa chake sopo sankatha. Manyazi anapha lambe, amatero, koma kwathu manyaziwo anali ndi owathandiza ambiri.

Kenaka thupi linatentha. Bambo anayamba kubwebweta, kuitana malemu mayi anga, ndipo mkodzo m'thumba unali wa mbuu ngati masese. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinapeza galimoto n'kupita nawo ku Boma, amuna aja akutsatira pambuyo. Amene anavundukula bulangeti anali namwino wamkazi, wamng'ono kwa ine. Palibe malaulo amene anachitika. Anangotseka maso pang'ono, kenaka anandiyang'ana.

"Akuwasamala ndani bambowa?"

Ndinaloza pabenchi panja, pamene bambo aang'ono ndi achimwene anakhala akuyang'ana nsapato zawo. Namwino uja anawatsuka bwinobwino, kapaipi n'kukasintha, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Bambo anamwalira m'mawa mwake. Adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti tizilombo tochokera m'njira ya mkodzo tinalowa m'magazi, ndipo khansa yokha ikanawalola kukhala nthawi ndithu. Tikutuluka, bambo aang'ono anati, "Nanga si khansa yomweyo." Mawu amenewo ndi amene anadzafika nawo pamaliro.

Mtembo tinabwera nawo kumudzi tsiku lomwelo. Kusambitsa mtembo wa mwamuna ndi ntchito ya amuna, ndiye ndinauzidwa kuti nditenthetse madzi. Ndinawasiya pakhomo lomwe lija, m'beseni lomwe lija. Analowa bambo aang'ono, achimwene ndi adzukulu, ndipo ulendo uno anakhalitsa. Anatuma kuti ndiwonjezere madzi, kenaka enanso. Palibe amene anabisa mphuno, poti panja panali anthu odzaona ngati mwambo wayenda. Anawameta ndevu, kuwawenga zikhadabo, kuwadzoza mafuta, n'kuwaveka suti ya kutchalitchi.

Bambo aang'ono anatuluka manja a malaya atapinda, thukuta lili kamukamu, n'kuima pamaso panga.

"Tawasambitsa bwino bambo ako," anatero. "Akuoneka ngati mkwati."

Ndinatola beseni kuti ndikataye madzi, ndipo pansi pake ndinapeza sopo uja. Anali atatsala kachidutswa konga chikhadabo.