Anandiitana Kuti Ndikamasulire Chiamhariki

Andilanda Loweruka langa. Linali tsiku langa loyamba kupuma patatha masabata atatu, ndipo ndinakonza zopita ku Woolwich kukafunsa za maphunziro amadzulo, kuti mwina sukulu imene ndinaisiyira panjira ndiitolenso. M'malo mwake ndinaswera kuntchito, m'nyumba yosamalira okalamba ku Barking, kuno kudziko la Angerezi, pambali pa bedi la munthu amene sindimva ngakhale moni wake.

Abwana athu, mayi wachizungu, anaimba foni m'mawa. Akuti bambo Tesfaye a m'chipinda chakumapeto atha masiku asanu akukankha mbale. Chingerezi chinawathawa ndi ukalamba, mwana wawo ali kumaliro kwawo ku Ethiopia ndipo foni yake siikulowa. Akapanda kudya pofika Lolemba, awatumiza kuchipatala, kumene mkuluyo amaopa ngati kumanda. Ndiye ndibwere ndidzayankhule nawo.

Ndinafunsa kuti m'chilankhulo chanji.

"Si nonse a ku Africa?" anatero.

Inu owerenga, ndithandizeni. Kuchokera ku Ntcheu kukafika ku Addis Ababa ndi ulendo wa kudimba?

Ndinapita. Wosiya sukulu sakana shifiti.

Ndinawapatsa moni m'Chichewa. Anandiyang'ana. Ndinayesa Chiswahili changa cha mawu anayi. Anandiyang'anabe. Kenako anayankhula nthawi yaitali, motsitsa, akundigwira dzanja ngati mdzukulu wawo. Ndinawatchera foni kuti imasulire, koma mawu awo ndi onong'ona, foniyo inangotulutsa zamisala. Patebulo panali kabuku kawo, zilembo zake ngati timipando ndi tianthu togwira m'chiuno. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene ndinachizindikira.

Apo ndi pamene analowa Mainao ndi chokolopera chake. Mainao ndi mayi amene amayeretsa zipinda, kwawo ndi ku Assam, ku India. Atandiona thukuta lili kamukamu anaseka, nandiuza kuti lero abwana agwira ineyo. Iye anamugwira chaka chatha: anamuitana kuti akamasulire gogo wina wolankhula Chigujarati, poti onse ndi a ku India. Anakhala ndi gogoyo ola lathunthu akungomwetulirana. Chilankhulo cha Mainao ndi Chibodo.

Ndivomere. Ndinali ndisanamvepo dzina limenelo. Nditamuona koyamba ndinkati ndi Mtchaina. Nditamva za India ndinati basi ndi mmwenye, amayankhula ngati a m'masitolo a ku Limbe aja.

Pa nthawi yopuma tinafufuza pa foni, ndipo mutu wanga unangosokonekeratu. Akuti Chiamhariki cha bambo Tesfaye achibale ake ndi Chiarabu ndi Chiheberi. Chichewa sichipezekapo ngakhale pa mndandanda wa apongozi. Chibodo nacho achibale ake ali ku Tibet ndi ku Burma, ngakhale masiku ano amachilemba ndi zilembo za Chihindi. Madzi mkuluyo amati wuha, Mainao amati dwi. Chiamhariki ndi cha boma, chili ndi zilembo zakezake zakalekale. Chibodo zilembo n'zobwereka, ndipo Mainao akuti m'banja lawo lokha muli mitundu itatu: amayi ake amalemba mwina, amalume ake mwina, iye mwina.

Ndiye mwamva? Mwarabu wogulitsa mafoni pafupi ndi siteshoni akanatolako liwu limodzi kapena awiri kwa mkuluyo. Ine, "m'bale wake", ziro.

Ndinamufunsa Mainao, mwaukali pang'ono, kuti zonsezi zitithandiza chiyani poti munthu sakudya.

"Ndani wakuuza kuti sakudya?" anatero. "Ine ndimatola zinyalala zake. Makoko a nthochi ndimawapeza."

Anafotokoza zimene waona sabata yonse. M'mawa mkuluyo sakhudza kanthu. Ikakwana 3 koloko amadya nthochi ndi buledi wouma. Tiyi wamkaka amakankha. Mbatata yoponda, imene kukhitchini amaithira batala, amakankha. Nyama sayang'ana n'komwe. Kwawo, anatero Mainao, munthu wosankha chakudya motero sakudwala, akupembedza.

Ndinayang'ana khosi la bambo Tesfaye. Kamtanda pa ulusi wakuda. Ndinayang'ana kalendala. Nyengo ya Lenti. Ine mwana wa mayi wa Chikatolika amene Lachisanu sankalola ngakhale fungo la nyama m'nyumba, sindinaganizeko. Akhristu a ku Ethiopia akamasala amasiya nyama, mkaka, mazira, zonse.

Tinapempha wophika kuti atenthetse nyemba, athire mafuta ophikira okha, ndi tiyi wopanda mkaka. Mkuluyo ananunkhiza, anapsompsona kamtanda kake, anadya mpaka kupukuta mbale ndi buledi. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ine sindikudziwanso kuti m'chipinda muja mlendo anali ndani.

Ndinkafuna kulemba nkhani ino motukwana azungu amene amaona khungu n'kuganiza kuti amva chilankhulo. Ndikadali wokwiya. Koma nanga ife? Kwathu aliyense wa ku Dzaleka ndi Mburundi, kaya wachokera ku Congo, kaya ku Somalia, kaya ku Ethiopia komweko. Aliyense wa tsitsi losalala ndi mmwenye. Chaka chathunthu ndakhala ndikupatsana moni ndi Mainao osamufunsa kuti akamalota amalota m'chilankhulo chanji. Tsono ndikwiyire ndani? Ndipo ubale ndi chiyani, ngati wa khungu langa anamvedwa ndi mayi wa ku Assam poyang'ana m'bini?

Lolemba bambo Tesfaye sanapite kuchipatala. Abwana anandisisita paphewa nati ankadziwa kuti ine ndi mkuluyo timvana. Ndinawauza kawiri kuti ndi Mainao amene anatulukira. Anagwedeza mutu uku akulemba. Ndinasuzumira papepalapo: alemba kuti ndimalankhula chilankhulo cha mkuluyo, akavuta aziitana ine.

Ku Woolwich kulembetsa kunatsekedwa Loweruka lomwelo. Tsikulo ndinafika kuntchito 8 koloko, ndinatuluka 5 koloko, ndipo akuti adzandipatsa tsiku lina lopuma "zinthu zikadekha". Mpaka lero sizinadekhe. Maola asanu ndi anayi. Ndikuwadikira.