Diresi la thumba la mayi Keziya

Mphakati wathu wandipempha kuti ndilembe za mayi Keziya Phiri, amene tinawaika m'manda m'nyengo ya Lenti. Ndikulemba mtima uli wolemera, chifukwa mayiwa sitinawasamale bwino ali moyo.

Anabadwira m'komboni ya pulazi ya fodya kufupi ndi Trelawney, kwa makolo amene anachoka ku Dedza wapansi. Sukulu sanapite nayo patali. Anakula akuthyola fodya ndi kumanga mindindi, ndipo atamwalira amuna awo anadzipereka kuphunzitsa ana katekisimu pansi pa mtengo wa kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinali mmodzi wa anawo.

Mapulazi atasintha eni, ntchito inasowa ndipo umphawi unatiluma. Ana ambiri anayamba kujomba kutchalitchi chifukwa cha manyazi a zovala. Shylet, mwana wamasiye, anakana kulandira Ukaristia woyamba poti analibe diresi loyera.

Lamulungu lina mayi Keziya anabwera ndi kamtolo. Anatulutsa nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo imene agogo awo ankafunda. Anatulutsa chilundu chakuda cha biriwita. Pomaliza anatambasula diresi losokedwa ndi thumba la ufa wa phoso, zilembo za pathumbapo zikuonekabe. Zonsezi anaziyala pafupi ndi majini ndi masiketi athu a kaunjika a m'mabelo, amene kuno timawatcha mubhero, natiuza kuti tizikhudze. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Sekani, ana anga," anatero. "Koma mayi anga anabatizidwa atavala thumba ili. Madzi a ubatizo sanafunse kuti lagulidwa kushopu iti. Iwe Shylet, diresi lako la mubhero lili ndi vuto lanji?"

Shylet analandira Ukaristia chaka chomwecho, atavala diresi lobiriwira.

Koma nkhani inafika mokhota kwa bambo Laxon, wapampando wa tchalitchi. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti masaka ndi makungwa ndi zovala za gule, ndipo mlongo wawo wa mayi Keziya anali wakudambwe. Bambo Laxon anaima pamaso pa mpingo nati, "Mayi awa akulowetsa zilombo m'nyumba ya Mulungu. Asiye kuphunzitsa. Ndipo akapanda kutentha zinthuzo, tsiku lawo likadzafika akawaike a gule omwewo."

Mawu amenewa anawalasa. Chimene mayi Keziya ankaopa kuposa njala ndicho kuikidwa popanda nyimbo ya mpingo. Komabe kamtoloko sanakatenthe, ndipo sanakangane ndi munthu. Anasamukira kubenchi lakumbuyo. Ankafika m'mawa kwambiri kudzasesa, ankatungira madzi odwala, ankagona pamaliro a anthu omwe ankawanena. Tikawafunsa chifukwa chosadandaula kwa bambo mfumu, ankangoti, "Musiyeni Laxon. Ali ndi bala lake, si ine wolivundukula." Sitinkamva chimene ankatanthauza, ndipo zaka zinapita anthu akuwalozabe zala.

Anamwalira mwakachetechete masana ena, atatsamira khoma la nyumba yawo, kolona ili m'manja.

Pamaliro panali chinthunthumira. A kwaya sanayambitse nyimbo, ankangoyang'ana bambo Laxon. Mlongo wa malemu uja anati ngati mpingo sukufuna, anyamata akudambwe ali okonzeka. Pamenepo Shylet, amene tsopano ndi mayi wa ana atatu, analowa m'nyumba, natuluka ndi diresi la thumba, naliyala pabokosi.

"Baba," anatero kwa bambo Laxon, "likhudzeni, mutiuze ngati ndi chilombo."

Mkuluyo anayandikira ndi ndodo yake. Analisisita thumbalo kwa nthawi yaitali.

"Ine ndinavala lotere mpaka ndevu zitayamba kumera," anatero. "Loboola pamutu ndi m'manja. Ana a kumaruzevha, kumidzi ya eni dziko, ankandiseka kusukulu. Keziya ankadziwa, tinakulira laini imodzi ya nyumba m'komboni. Sindinkafuna kulionanso."

Anavula jekete lake, nagwada m'fumbi, nayambitsa yekha nyimbo ya maliro. A kwaya anailandira.

Tinawaika mayi Keziya mwachikhristu, monga ankafunira. Nyanda, chilundu ndi diresi lija zili kwa Shylet, amene akuphunzitsa ana pansi pa mtengo womwe uja. Koma nyimboyo tinaimbira munthu amene sakanaimvanso, ndipo benchi lakumbuyo lija mpaka lero palibe amene amalimba mtima kukhalapo. Mzimu wawo uuse mumtendere.