Wamphuno Yomanga Nsanza

Chaka changa choyamba ku England ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Smethwick. M'chipinda chakumapeto munkakhala madala ena achizungu, a zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, omwe mutu unali utasokonekera kale. Dzina langa sankalisunga, lawo lomwe linkawathawa. Chomwe sankaiwala chinali chithunzi chakale chopachikidwa pakhoma, moyang'anizana ndi bedi lawo.

Chinali chithunzi cha timu ya mpira ya sukulu ya asilikali ku Amereka, cha nthawi yomwe masewerawo ankangoyamba kumene. Osati mpira wathu wamiyendowu ayi, koma uja wonga dzira, wothamanga nawo uli kukhwapa. Anyamata atsitsi losapesa, majuzi okhuthala, nkhope zolusa ngati awalanda ndiwo. Agogo awo a madalawo, obereka mayi awo, anali pamzere wachiwiri, wachitatu kuchokera kumanzere, mphuno atamanga nsanza.

Masewera amenewa ndinkawanyoza, ndipo ndimawanyozabe. Anthu ophunzitsidwa kuteteza dziko kumagundana mitu ngati atonde, kenako n'kukajambulitsa mphuno yothyoka kuti zidzukulu zidzaone. Kwathu munthu wotere timamufunira mankhwala.

Vuto la madalawo linali kudya. Ukabweretsa phala ankaluma mano, n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lina nditatopa nawo ndinaloza wamphuno uja n'kufunsa ngati anachita kumenyedwa ndi mkazi wake. Madala anaseka, kuseka kwenikweni, n'kuyamba kundifotokozera chaka chonse cha timuyo monga anachimvera ali mwana. Masewera oyamba anali a pamvula, matope mpaka m'makutu. Achiwiri ndi omwe mphuno inathyokera. Kenako panali ulendo wa pasitima, ndipo pomaliza anakumana ndi asilikali apanyanja. Akamaliza masewera amodzi ankapuma, kukamwa kuli yasa, ine n'kulowetsa supuni. Pofika kwa apanyanja mbale inali itayera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira pamenepo, m'mawa, masana ndi madzulo, tinkadya ndi timu imeneyo. Ndinaloweza masewera onse omwe sindinkawafuna n'komwe.

Madala anali ndi mwana mmodzi, bambo wa imvi zake, wokhala ku Hanley, ulendo wosakwana n'komwe theka la tsiku. Ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri, atanyamula maluwa a m'sitolo pepala la mtengo lili pompo. Jekete sankavula, pampando sankakhala. Ankaima pachithunzi paja, msana atalozetsa bambo ake, n'kumandiphunzitsa ine za magazi a usilikali omwe ali m'banja mwawo. Msilikali yemweyo ndikangotulutsa thewera ankapezeka ali pakhonde, akuyang'ana foni.

Loweruka lina anabwera ndi chikwama chachikulu. Anati wakonza chipinda chomwera mowa ndi anzake, ndipo chithunzicho chikakhala bwino kumeneko.

"Bambo sazindikiranso kanthu," anatero akuchipachula. "Pano chikungotuwa ndi dzuwa."

Ine ndinali pomwepo, mbale ya phala ili m'manja. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti akuchotsa chiyani. Ndinatuluka kukamuuza mnzanga wa ku Zambia, yemwe anayamba ntchitoyo ine ndisanabwere.

"Asisi, musaiyambe," anandinong'oneza. "Ndi family property imeneyo. Akakakomplena kwa manager, sponsorship ya viza yanu yapita, ndiye ana anu ku school mutani nawo? Kwa eni kulibe mkuwe."

Ndinamvera. Ndinabwerera m'chipinda muja, mpaka ndinamugwirira chitseko bamboyo kuti atuluke bwino ndi chikwama chake.

Madzulo ake madala anayang'ana pakhoma n'kupeza msomali wokha. Ndinayamba ndine: mvula, matope, mphuno. Anandiyang'ana ngati mlendo wosokera, n'kubwezanso maso pamsomali. Mawu onse ndinali nawo, koma iwo ankafuna nkhope ija kuti ayambirepo. Mano analuma.

Patatha sabata ndinalimba mtima n'kupempha abwana kuti amulembere mwanayo, atitumizire ngakhale chojambula pafoni. Mwanayo anayankha mwaulemu kwambiri kuti adzabwera nacho pa Khirisimasi. Adokotala anabwera, analemba timabotolo ta zakumwa zopatsa mphamvu, nato tinkangobwerera kukhitchini. Madala anaonda mpaka mphete inkavuka yokha. Khirisimasi sanaione.

Kumaliro abwana anatuma ine kuti ndikaimire nyumba yathu. Titachoka kumanda tinapita kuholo, ndipo chithunzi chija chinali patebulo, m'felemu yatsopano yonyezimira, maluwa uku ndi uku. Bambo uja anaimirira, mawu akunjenjemera mochita kukonza, n'kunena kuti bambo ake anali munthu wonyadira kumene anachokera. Kenako analoza mnyamata wamtali wapatsogolo, wooneka bwino, wonyamula mpira.

"Gogo wathu ndi ameneyu," anatero.

Anthu anagwedeza mitu, mayi wina mpaka anapukuta misozi. Ine ndinayang'ana pamzere wachiwiri, wachitatu kuchokera kumanzere. Zaka zonse zija akuima pachithunzi, msana kwa bambo ake, sanafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti wawo ndi uti. Anangodzisankhira wokongola.

Sindinamukonze. Ndinamusiya ndi gogo wake wobwerekayo, amuyenera. Koma ndikamakumbukira nkhaniyi, amene amandinyansa kwambiri si iyeyo. Iye sankadziwa. Amene ankadziwa ndi mayi uja anaima ndi mbale ya phala, n'kumugwirira chitseko. Viza yanga anaiwonjezera chaka chotsatira, ndipo m'chipinda chija munalowa munthu wina, yemwe pamsomali paja anapachikapo kalendala.