Kalata Yodandaula Phokoso la Vidiyo

Kuseri kwa nyumba yanga ku Kawale kunatsegulidwa chinyumba choonetsera vidiyo, ndipo phokoso lake linkandilanda tulo ta masana. Ndinalemba kalata yodandaula, kope lake n'kuika m'fayilo monga ndichitira ndi pepala lililonse, ndipo ndinapita nayo ndekha, mtima ukuwira.

Ndinapeza akuonetsa filimu ya ku Japan. Dziko linali litatha ndi mabomba, opulumuka akulimbirana chigubu cha madzi. Mawu achingerezi ankathamanga m'munsi mwa chithunzi, anthu osatolapo kanthu.

"Abambo, inu munagwirapo ntchito mu ofesi, akuti chiyani pamenepa?" anandifunsa mayi wina wogulitsa mandasi.

"Akuti mpopi unauma kalekale," ndinayankha mokalipa.

"Aa, ndiye ndi konkuno! Azungu filimuyi amaikondera zimenezi? Abwere adzatunge nafe!"

Tonse tinafa nacho chiseko, ine ndemwe. Anandisendera pabenchi, ndipo ndinamasulira mzere uliwonse osadumpha.

"Achimwene, tsitsani sipikayo, sitikuwamva abambowa!" mayi uja anakalipira mwini vidiyo.

Anatsitsadi, ndipo sanaikwezenso, poti masana ambiri womasulira ndinali ine.