Ndinapita Kukauza Aprofesa Kuti Sindili Bwino

Ndinanyamuka ku Gorbals, dera limene timakhala kuno kwa Azungu, Loweruka m'mawa, mvula ikuwaza, Tadala ali m'kangolo kake kokankha. Chibadwire mwanayu, tulo tinandithawa ndipo ndinkangolira popanda wondimenya. Amuna anga ankati ndi kuzizira. Ine ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzalephera kudzuka kuti ndimuyamwitse.

Kutchalitchi analengeza kuti Aprofesa, mkulu wa mpingo wathu, akupuma pantchito kuyunivesite, ndipo Lowerukalo adzalankhula motsanzika muholo ya kumeneko. Moyo wawo wonse akhala akufufuza chifukwa chimene anthu akuda sapezera thandizo mutu ukasokonezeka. Ndinati basi, munthu wake ndi ameneyu, ndikawauza pamaso.

Sitima ya pansi pa nthaka imafuna kuti kangolo ukapinde. Ndinalipira mapaundi angapo, ndinabereka Tadala ndi chitenje, kangolo kukhwapa. Gogo wina wachizungu anayang'anitsitsa mfundo ya pachifuwa panga.

"Sagwa ameneyo?"

"Sanagwepo."

"Ndinu mayi wolimba," anatero. Ndinathokoza. Mayi wolimbayo anali atalira kale kubafa asananyamuke.

Ku Hillhead, kumene kuli yunivesiteyo, tinatsika chakumasana n'kukwera chitunda. Muholo munali masangweji ozizira odulidwa ngati a ana, ndi tiyi wofunda pang'ono. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, kuti Tadala akalira ndithawe msanga.

Aprofesa analankhula Chingerezi chachitali, koma china ndinachimva bwino. Anati anthu athu akafunsidwa ndi adokotala amayankha kuti ali bwino, ngakhale mtima ukuwola, chifukwa kwathu sudandaula pa moni. Adokotala nawo safunsanso kachiwiri. Azungu anagwedeza mitu, ena analemba. Ine ndinangoti mumtima, mwandiona bambo.

Atatha ndinaima pamzere wa owagwira chanza. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira kunyumba. Nditafika ndinapinda mawondo.

"Aa, amake Tadala! Mwabwera ndithu? Muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu, bambo?"

"Tili bwino, tili bwino. Kamwanaka kakukula, eti! Mwadyako masangweji?"

Anatembenukira kwa mzungu wa kumbuyo kwanga. Iwo sanafunse kachiwiri, inenso sindikanawaitana munthu wamkulu pagulu kuti abwerere ndiwauze kuti ndanama. Tonse tinaleredwa bwino.

Pobwerera ndinakwera basi, poti kangolo kamalowa osapinda. Tikuwoloka mtsinje ndinayamba kuseka ndekha, kenako kulira, mpaka mnyamata wa pampando wina anasamukira kutsogolo.

Lolemba ndinaimba foni kuchipatala cha kwathu kuno. Mayi woyankha asanamalize moni, ndinamudula mawu, mwano umene sindinachitepo chibadwire.

"Sindili bwino. Sindigona, ndipo ndikuopera mwana wanga."

Anandipatsa tsiku loonana ndi adokotala, n'kundiuza kuti kwa aphungu othandiza ovutika maganizo kuli mzere wodikira. Sindinadabwe. Za mzere umenewo Aprofesa analemba buku lathunthu, ndiye ndikudziwa kuti ndi wautali. Koma pano ndaimapo.